KHOMA NDI DENGA: KUSANKHA ZOMANGIRA NYUMBA KU LIVINGSTONE

Madzulo ano tikamba za nyumba, makamaka nyumba za anthu amene alikumanga m'dera la Airport ku Livingstone, pafupi ndi bwalo la ndege limene m'caka ca 2011 linapatsidwa dzina la Harry Mwaanga Nkumbula. Munthu akapeza puloti afulumira kufunsa mtengo wa njerwa ndi wa malata, ndipo akamva mitengoyo asankha cochipa. Sitimdzudzula ai, pakuti ndalama ipezeka ndi thukuta. Koma alipo mafunso ena awiri oyenera kufunsa asanagule kanthu. Loyamba: cinthu ici cacokera kuti, ndipo kumene cacokerako kwatsala ciani? Laciwiri: m'mwezi wa Okutobala, dzuwa litafika pamutu, kodi m'nyumbamo mudzakhalika? Tikalondola mafunso awa tidzaona kuti khoma losankhidwa moipa ndilo limatha mitengo m'thengo, ndipo denga losankhidwa moipa ndilo lilowetsa kutentha m'nyumba.

NTHAKA NDI NYENGO

Azungu oyamba kufika kuno anakhala pa Old Drift, m'mphepete mwa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo malungo anapha ambiri a iwo. Ulalo wa njanji utatha m'caka ca 1905, mudzi unasamutsidwira pa mtunda wa mcenga pamene pali mzinda lero. Mcenga umenewo akatswiri a nthaka auchula mcenga wa Kalahari. Ngwosalala, umwa madzi msanga, ndipo dongo mulibe lambiri. Pansi pace pali mwala wakuda wolimba, umene muuona m'zigwembe za Batoka kunsi kwa mathithi.

Mvula ya kuno njocepa, pafupifupi mamilimita 700 pa caka, ndipo igwa kuyambira Novembala kufikira Malici, kawirikawiri ndi mkuntho. M'Okutobala kutentha kwa masana kufika madigiri 34 kapena 35, masiku ena kupitirira. Koma m'Juni ndi m'Julai usiku kuzizira kufikira pansi pa madigiri 10. M'nyengo yotentha dzuwa la masana lipita pamutu peni peni, ndipo m'miyezi ya cisanu lipendekera kumpoto. Nyumba yabwino kuno ndiyo yotha kukana kutentha kwa masana ndi kusunga kufunda kwa usiku wa cisanu.

Wina adzati, magetsi alipo, ndidzagula fani. Tikumbukire caka ca 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anacepa, magetsi anazima maola ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo mafani anangoima. Amene anagona tulo m'Okutobala wa caka cimeneco ndiwo okhala m'nyumba zozizira pa zokha.

CIMENE MUKUSI UTIPHUNZITSA

Mcenga womwewo ndiwo umeretsa mukusi, mtengo wofiira wolimba umene ciswe cilephera kuudya msanga. Kampani ya Zambezi Sawmills inaceka mitengo imeneyi zaka makumi ambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1920 inamanga njanji yaceyace yopita ku Mulobezi, mtunda wopitirira makilomita 160. Matabwa ena anakhala mitanda yogonekapo njanji m'maiko a kuno kumwera, ena anaoloka nyanja kukayalidwa pansi m'nyumba za anthu olemera. Lero masitima akale a nchitoyo aima m'malo osungiramo zakale za njanji m'Livingstone momwemo. Koma mukusi ukula pang'ono pang'ono. Mtengo wofika poceka watha zaka zoposa moyo wa munthu mmodzi, ndipo pamene padulidwa, moto wolusa ukalowa, timitengo tating'ono tipsa, ndi malowo asanduka ziyangoyango.

M'dziko lonse la Zambia a za nkhalango akhala akuchula mahekitala 250,000 kufikira 300,000 a mitengo yotha caka ndi caka. Zifukwa zazikuru ndizo kutsegula minda ndi kuocha makala, koma womanga nyumba nayenso ali ndi gawo lace. Nkhalango ya Dambwa, kumpoto kwa mzinda, njosungidwa ndi boma, ndipo lamulo la nkhalango la 2015 lifuna kuti wodula ndi wonyamula mitengo yamalonda akhale ndi cilolezo. Tsono tione zomangira khoma, cimodzi cimodzi.

NJERWA ZOOCHA

Njerwa yopsa bwino njolimba, ndipo ikhala zaka zambiri, ici sitikana. Bvuto liri pa moto. Kuti dongo lisanduke njerwa lifuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 900, ndipo uvuni uyenera kuyaka usana ndi usiku masiku angapo. Tinthambi sitikwanira, oocha afuna zipika zazikuru za mitengo yolimba monga tsanya. Uvuni wa pabwalo utaya moto wambiri m'mwamba ndi m'mbali, kotero kuti njerwa za m'kati zipserera, za kunja zituruka zosapsa, ndipo mwini alipira nkhuni za njerwa zimene zidzasweka pa ngolo. Ndiponso popeza mcenga wa kuno ulibe dongo, oumba akumba m'madambo ndi m'zulu, nasiya maenje amene m'dzinja asunga madzi ndi kuswa udzudzu, mdani yemwe uja anathamangitsa anthu pa Old Drift.

Anzathu a ku Malawi anafika poika lamulo m'caka ca 2018 loletsa njerwa zoocha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi nyumba zazikuru za malonda, ataona mapiri ao atayera. Ife tisadikire kuti thengo lithe ndipo tiphunzire pambuyo. Koma ngati mupeza njerwa zakale za nyumba yogumulidwa, gulani ndithu. Nkhuni zace zinapsa kale, ndipo kuzimangiranso sikudula mtengo wina.

MABULOKO A SIMENTI

Ambiri m'matauni amanga ndi mabuloko a simenti ndi mcenga, pakuti khoma likwera msanga ndipo nkhuni sizifunika. Pa maziko, pa cimbudzi ndi pa bafa, pamene madzi akhudza khoma masiku onse, mabuloko ngoyenera. Koma simenti nayonso iri ndi moto wace wobisika. Icokera ku mwala wa laimu woochedwa m'fakitale pa madigiri pafupifupi 1,450, ndipo mwa magawo 100 a mpweya woipa umene anthu aturutsa ndi kutenthetsa nao dziko lapansi, magawo 7 kapena 8 acokera ku kupanga simenti. Fakitale yoyamba m'dziko muno inayambitsidwa ku Chilanga m'caka ca 1949, ndipo simenti yace inathandiza kumanga damu la Kariba. Thumba locokera kumeneko liyenda makilomita oposa 450 kuti lifike ku Livingstone, ndipo mafuta a lole ali m'kati mwa mtengo umene mulipira.

Cinanso, buloko labwino lifuna mcenga wokhakhala wa kumtsinje. Mcenga wosalala wa pa puloti udya simenti yambiri, ndipo woumba wofuna phindu akacepetsa simenti, buloko lifumbutuka ndi cala. Ndiponso khoma lopyapyala la mabuloko amphako litentha msanga. Dzuwa la kumadzulo likaliomba, cipinda cikhala ngati mphika kufikira pakati pa usiku. Cotero simenti ikhale ngati mcere m'ndiwo, isakhale ngati ufa m'nsima.

NJERWA ZOSAOCHA

Makolo athu anamanga ndi dothi, ena zidina, ena mdindo, ena kumata pa mitengo, ndipo nyumba zao zinali zozizira. Cimene cinazigwetsa ndi madzi ndi ciswe. Njira imene tiikamba tsopano itenga ubwino wa dothi ndi kucotsa cofoka cace. Dothi lisefedwa, lisakanizidwa ndi simenti pang'ono, linyowetsedwa pang'ono, ndipo lipanikizidwa mwamphamvu m'cikombole ca citsulo cokhala ndi mpini wautali. Makina otere, ochedwa Cinva-Ram, anapangidwa ku Colombia m'zaka za m'ma 1950 ndi Raúl Ramírez, ndipo safuna magetsi kapena mafuta, koma manja a anthu atatu kapena anai. Alipo ena a injini oturutsa njerwa zolowana, zimene zifuna matope ocepa pomanga.

Apa mcenga wathu usanduka bwenzi, pakuti simenti igwirizana bwino ndi dothi la mcenga. Cosowa ndi dongo pang'ono lomanga mcengawo pamodzi, ndipo lipezeka m'dothi la pa culu kapena la katondo. Yesani motere. Cotsani dothi lakuda la pamwamba, pakuti liri ndi mizu ndi zoola. Thirani dothi la pansi m'botolo loonekera kufikira gawo limodzi la magawo atatu, dzazani madzi, ikani kamcere, khuchumulani, ndi kulisiya tsiku lathunthu. Mcenga ukhala pansi, dothi losalala pakati, dongo pamwamba. Dothi loyenera ndilo limene mcenga uli magawo 7 mwa 10, ndi dongo gawo limodzi kapena awiri. Dongo likacuruka njerwa ing'ambika pouma. Likasowa njerwa iphwasuka poicotsa m'cikombole. Sakanizani mitundu iwiri kufikira muyeso wakwana.

Pa dothi lotere ndowa imodzi ya simenti ikwanira ndowa 12 kufikira 16 za dothi. Madzi asacuruke. Umbani kampira m'dzanja ndi kukagwetsa pansi mutaimirira: kakasweka zidutswa zinai kapena zisanu, madzi akwana, kakamwazika ngati ufa, madzi acepa, kakangophwanthalala osasweka, madzi apitirira. Njerwa zikaturuka musaziyanike pa dzuwa monga zidina, pakuti simenti ilimba ndi cinyezi, siilimba ndi kuuma. Zisanjeni pa mthunzi, zibvundikireni ndi pulasitiki kapena udzu, ziwazeni madzi m'mawa ndi madzulo masiku 7, ndipo mumangire patapita masiku 28. Kuona maso a nkhono nkudekha. Musanamange, bviikani njerwa imodzi m'ndowa usiku wonse. Ikaturuka yathunthu, yosafewa m'mbali, nchito yayenda bwino.

Khoma locindikala la njerwa zotere limwa kutentha pang'ono pang'ono. Kutentha kwa masana kutha maola ambiri kusanafike m'kati, ndipo kukafika, kunja kwayamba kuzizira, mazenera angathe kutsegulidwa. M'Juni khoma lomwelo libweza usiku kufunda kumene linalandira masana. Kwa okhala pafupi ndi bwalo la ndege pali phindu lina: khoma lolemera licepetsa phokoso.

Musayese kuti iyi ndi njira ya amphawi okha. Ku Gando m'dziko la Burkina Faso, kumene kutentha kuposa kwathu kuno, Francis Kéré anamanga sukulu m'caka ca 2001 ndi njerwa za dongo losakaniza ndi simenti pang'ono, anthu a m'mudzi nagwira nchitoyo ndi manja ao. Denga la malata analikweza pamwamba pa siling'i, kuti mphepo ipite pakati. M'caka ca 2022 munthu ameneyu analandira mphotho ya Pritzker, imene iri yaikuru koposa kwa olemba mapulani a nyumba, ndipo ndiye nzika yoyamba ya dziko la mu Afirika kuilandira.

Koma khoma la dothi lisungidwe ku madzi, pansi ndi pamwamba. Maziko akhale a mwala kapena mabuloko olimba, akwere masentimita 30 pamwamba pa nthaka, ndipo pulasitiki yocindikala iyalidwe pamenepo njerwa isanaikidwe, kuti cinyezi cisakwere. Pa mcenga maziko akhale otambalala, ndipo pansi patsindiridwe bwino. Dzenje limene mwakumbamo dothi mulikwirire, kapena mulisandutse la cimbudzi. Zulu musazithe zonse, pakuti nazonso ziri ndi nchito yace m'nthaka, ndipo ana afuna ngumbi mvula ikagwa.

DENGA

Popeza m'nyengo yotentha dzuwa lipita pamutu, denga ndilo lilandira moto wambiri koposa khoma liri lonse. Udzu ndiwo uposa zonse pa kuziziritsa. Cifukwa cace mahotela ambiri a alendo m'mphepete mwa Zambezi afolera ndi udzu, ngakhale ali ndi ndalama zogulira cina ciri conse. Udzu umera caka ndi caka, ndipo ndalama zace zipita kwa amai a kumudzi oumweta. Umwetedwe m'cisanu, mbeu zace zitagwa, kuti caka camawa umerenso. Denga likhale lotsetsereka kwambiri, ndipo udzu ucindikale, kuti madzi atsike asanalowe. Koma udzu uopa moto. Pa mapuloti oyandikana a m'tauni nyumba imodzi ikapsa iyatsa inzace, cotero funsani ku khonsolo ya mzinda musanafolere. Lamulo la mapulani a mizinda la 2015 lifuna kuti womanga m'tauni ayambe walandira cilolezo. Pitani ndi pulani yanu, ndipo muchule poyera zomangira zimene mufuna. Safunsa anadya phula.

Ambiri adzafolera ndi malata, ndipo palibe coipa, ngati atsata zinthu zinai. Coyamba ndi mtundu. Masiku ano anthu akonda malata akuda, obiriwira kwambiri kapena ofiira modera, cifukwa akongola poonera kumseu. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Lata lakuda pa dzuwa la masana lingathe kufika madigiri 70, pamene loyera licepa ndi madigiri 20 kapena kuposa. Caciwiri ndi siling'i. Malata opanda siling'i ali ngati ciwaya pamutu pa ana. Ngati ndalama ya matabwa palibe, mphasa za bango zikwanira, ndipo zicepetsanso phokoso la mvula. Cacitatu ndi mpata wa mphepo pakati pa siling'i ndi malata, kuti mpweya wotentha uturuke. Koma mipata yonse ichingidwe ndi waya wa sefa, pakuti udzudzu wa malungo ukonda kulowera pamwamba pa khoma pansi pa denga. Cacinai, denga lituruke kunja kwa khoma masentimita 60 kapena kuposa, kuti mvula isaombe njerwa ndi kuti khoma likhale pa mthunzi. Yang'anani nyumba zakale za pakati pa mzinda, zomangidwa pamene Livingstone anali likuru la dziko, kuyambira 1911 kufikira 1935. Nzamalata nazonso, koma ziri ndi makonde otambalala ndi zipinda zazitali m'mwamba, pakuti omanga ace analibe makina oziziritsa.

Malata opyapyala kwambiri acita dzimbiri msanga, ndipo ogula zochipa agula kawiri. Mphepo ya mvula zoyamba isasula madenga caka ndi caka. Miyala yosanjika pamwamba siithandiza kweni kweni. Mangani mitanda ndi waya wolimba wolowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa. Denga la malata lipatsanso madzi. Milimita imodzi ya mvula pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi ndiyo lita imodzi. Cotero denga la mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi lilandira malita pafupifupi 42,000 pa caka, ndiwo madiramu oposa 200. Ngakhale mutasunga gawo locepa, dimba la masamba lidzakondwa.

Za mapepala ofolera a asibesitosi ticenjeze. Ali pa nyumba zambiri zakale, ndipo ena awagulitsa mochipa akagumula. A bungwe la za umoyo la dziko lonse, World Health Organization, anena kuti mitundu yonse ya asibesitosi iyambitsa khansa, ndipo South Africa inailetsa m'caka ca 2008. Coopsa ndi pfumbi lace likalowa m'mapapo, ndipo nthenda ioneka patapita zaka zambiri. Musawagule. Ngati ali kale pa nyumba yanu ndipo ngathunthu, musawaceke, musawaboole, musawapale.

Pa mitanda ndi phaso sankhani bulugama kapena paini wa m'minda ya mitengo yobzala, monga ya ZAFFICO ku Copperbelt, wothiridwa mankhwala a ciswe. Mitengo imeneyi ikula m'zaka zowerengeka, ndipo ibzalidwanso. Mukusi ndi mlombwa tiusiyire citseko kapena mpando umene udzafika kwa adzukulu, ndipo wogulitsa aonetse cikalata ca a za nkhalango. Zidutswa za mitengo ya mankhwala musaphikire, pakuti utsi ndi phulusa lace ziri ndi ululu.

KUIMIKA NYUMBA PA PULOTI

Cinthu cimodzi sicifuna ndalama konse: kumene nyumba ipenya. Makoma atali apenye kumpoto ndi kumwera, afupi apenye kum'mawa ndi kumadzulo. Pamenepo dzuwa la cisanu, lopendekera kumpoto, lidzalowa pa mazenera ndi kufunditsa nyumba, koma dzuwa la Okutobala lidzagwera pa denga ndi pa makoma afupi okha. Khoma la kumadzulo likhale ndi zenera laling'ono, ndipo mubzale mtengo wa mthunzi mbali imeneyo, kutali pang'ono ndi maziko. Mazenera apenyane, kuti mphepo ilowe uku ndi kuturukira uko. Mtengo umene mwaupeza pa puloti musaudule musanayese kuika nyumba pambali pace.

Nanga amene anamanga kale ndi mabuloko ndi malata akuda? Sanacedwe ai. Apake denga utoto woyera, aike siling'i ya mphasa, apake makoma njereza, amange khonde kumadzulo, abzale mtengo. Zonsezi zicitika pang'ono pang'ono monga ndalama ipezeka.

MAU OTSIRIZA

Makina opanikizira njerwa ngodula kwa banja limodzi, koma mutu umodzi susenza denga. Mabanja khumi oyandikana, kapena gulu la mpingo, kapena amai a cilimba, angathe kugula amodzi ndi kubwerekana. Ndipo anyamata ophunzira nchitoyo adzapeza pogwira. Musanamange nyumba yonse, yambani ndi khichini kapena kacipinda kamodzi, kapyole dzinja limodzi ndi Okutobala mmodzi, ndipo mudzaweruza nokha ndi maso anu ndi thupi lanu. Ndalama imene mwapulumutsa pa nkhuni ndi pa simenti muiike pa denga: lata locindikala loyera, siling'i, ndi khonde. Amene ali ndi mafunso atilembere kalata, ndipo tidzawayankha m'nkhani yotsatira.